Wosauka amalowa m'khoti ndi malaya omwe anam'gwira nawo

 Sabata ino ndasiya dala nkhani ya ziphaso za msika ndi zimbudzi zotsekeka. Ndikufuna tikambirane za malaya. Inde, malaya ovalawa. Musaseke, poti nkhani imeneyi inaliza mayi wamkulu ine ndikuona.

Pa mzere wathu pali mayi wina wogulitsa tomato ndi anyezi. Dzina sinditchula, eni ake akudzidziwa. Mwana wawo wamwamuna amagwira ganyu yotsitsa matumba m'malole. Tsiku lina foni ya munthu inasowa pa chipwirikiti cha pa depoti, chala chinaloza iye, ndipo pofika madzulo anali ali m'chitokosi. Ku khoti mlandu anaukana. Belo anam'lola, koma ndalama yake, pamodzi ndi achibale awiri oti amuimire, sizinapezeke. Basi, ulendo wa ku limandi.

Anam'gwira atavala zomwe munthu amavala potsitsa matumba: kabudula wodula ku jinzi, masilipasi, ndi tisheti ya pa kaunjika. Tsono tisheti imeneyi pachifuwa inali ndi chithunzi cha tsamba lija la zala-zala, lomwe agogo amaliyesa la chinangwa koma apolisi amalidziwa bwino. Mnyamatayo sasuta n'komwe. Anangoigula poti ndiyo inali yotchipa pa mulu.

Patatha miyezi itatu tsiku la mlandu linakwana. Mayi aja anabudula mpamba wawo n'kugula shati yabuluu ya manja aatali ndi thalauza lakuda kwa achimwene a kaunjika a pa kona. Anachapa, n'kusita ndi simbi yamakala, n'kupinda bwino-bwino m'jumbo. Anandipempha kuti ndiwaperekeze poti akuti ine chizungu ndimachimvako. Tinafika ku khoti 7 koloko. Galimoto ya akaidi inatulukira cha m'ma 9, mayi n'kuthamangira kwa msilikali amene amawatsitsa.

"Bwana, pepani, ndabwera ndi timalaya ta mwana wanga kuti asinthe."

"Mayi, pano si pa msika. Katundu wa mkaidi amalowera pa geti la kundende, afufuzidwe, alembedwe. Ine pano sindilandira kanthu."

"Chonde bwana, mphindi ziwiri zokha."

"Nanga m'mphepete mwa thalauzalo mukapezeka lezala, akadzandipana ine, inu mudzakhala muli kuti? Tabwererani uko, mayi."

Ndiye mnyamata uja anakaima m'kabokosi ka oimbidwa mlandu ndi tisheti yomwe ija, itasanduka mtundu wa dothi, khosi litang'ambika, tsamba lija lokha likuonekabe mbee. Anthu kumbuyo anayamba kukodolana. Wina pafupi nane ananong'ona kuti, "Uyu ndiye n'zosachita kufunsa." Mboni isanalankhule ndi imodzi yomwe, pa mabenchi anali atam'weruza kale. Mayi ake anangofumbata jumbo ija pa miyendo, misozi ili mbwembwembwe.

Mlandu anauimitsa chifukwa wodandaula sanabwere. Tikutuluka, pakhomo tinapatsana njira ndi bwana wina wa mlandu wa mamiliyoni. Iyeyo amachokera kunyumba poti belo analipira tsiku lomwelo anam'manga. Suti yosita, taye pakhosi, nsapato zowala ngati galasi, loya pambuyo atanyamula chikwama. Palibe anakodola mnzake. Akuluakulu anati mvula ikakuona litsiro sikata, ndipo tsiku limenelo ndinaona tanthauzo lake ndi maso angawa.

MALAYA AMALANKHULA MWINI WAKE ASANATSEGULE PAKAMWA

Wina anena kuti, "Aaa inu, majisitireti amaweruza umboni, saweruza malaya." N'zoona, anaphunzira zimenezo ndipo analumbira. Koma inu a kumsika musandinamize. Kasitomala akaima pa benchi lanu, mumayamba mwayang'ana nsapato zake musanatchule mtengo, eti? Wa jekete mumam'patsa basera n'kumuti "bwana". Wa nsanza akayandikira mulu wa nsomba, dzanja lanu limathamangira pa kachikwama ka chenje. Ngati ife timatero tsiku ndi tsiku, mboni imene yaitanidwa kuti iloze wakuba ndi mngelo? Nanga mwini wakeyo, munthu amene akudzimva fungo yekha, angayankhe mafunso mutu uli m'mwamba? Amangoyang'ana pansi, mawu ali kukhosi, ndipo woyang'ana pansi aliyense amaoneka ngati wapalamula.

Ndipo musaganize kuti izi n'za mbava zokha. Ndende sanamangire ng'ombe. Kumbukirani nkhani ya Mayeso Gwanda, venda mnzathu wogulitsa majumbo ku Blantyre. Mu Malichi 2015 analawirira mbandakucha kupita ku Limbe kukachita geni, apolisi n'kum'gwira panjira pa mlandu wa vakabu. Iye sanagonje, anakatsutsa lamulolo ku khoti lalikulu, ndipo mu Janyuwale 2017 oweruza atatu anagamula kuti gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu, lomwe anam'mangira, likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko lino. Tsono taganizani: munthu wolawirira ku msika amavala chiyani? Zogwirira ntchito basi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

LAMULO LIKUTI CHIYANI

Malamulo oyendetsera dziko amene tinalandira mu 1994, titavotera matipate, ali ndi gawo 42 lomwe aliyense wa kumsika amayenera kulidziwa ngati mtengo wa ndowa ya chimanga. Limati womangidwa akaonekere ku khoti pasanathe maola 48. Limati woimbidwa mlandu ndi wosalakwa kufikira khoti litam'peza wolakwa. Limati wosungidwa m'ndende asungidwe molemekeza umunthu wake. Limatinso amene sanaweruzidwe asasakanizidwe ndi ogamulidwa kale, ndipo asamalidwe monga munthu amene sanapezeke ndi mlandu. Wa pa limandi ndi mlendo chabe wa boma. Boma langom'sunga kuti asathawe.

Za malaya zenizeni zinalembedwa mwatchutchutchu m'malamulo a bungwe la United Nations okhudza kasungidwe ka akaidi. Oyamba anawalemba mu 1955, ndipo atawakonzanso anawavomereza pa 17 Disembala 2015 n'kuwapatsa dzina la Nelson Mandela. Alipo 122, koma lero titolepo asanu.

Lamulo 115 limati mkaidi amene sanaweruzidwe aloledwe kuvala zovala zake ngati zili zoyera ndi zoyenera, ndipo akavala za ndende zikhale zosiyana ndi za ogamulidwa. Lamulo 19 limati mkaidi akamatulutsidwa kunja kwa ndende pa chifukwa chovomerezeka aloledwe kuvala zake kapena zina zosam'onetsa kuti ndi mkaidi. Lamulo 73 limati pom'yendetsa asamuonetse ku chigulu cha anthu kuti azim'nyoza. Lamulo 67 limati ndalama, zovala ndi katundu wina amene mkaidi saloledwa kukhala naye azilembedwa pa mndandanda, mwini wake asaine, zisungidwe bwino, ndipo potuluka am'bwezere n'kusainanso. Lamulo 108 limati womasulidwa atuluke atavala mogwirizana ndi nyengo, ali ndi njira yokafikira kwawo.

Ndinene chilungamo, malamulo a Mandela amenewa si oti mungatengere munthu ku polisi akawaphwanya. Ndi muyeso umene mayiko anagwirizana kuti ndiwo wochepetsetsa. Koma makhoti athu omwe anaikapo mlomo pa nkhani ya zovala. Mkaidi wina, Gable Masangano, anasumira boma m'malo mwa akaidi onse, kudandaula za chakudya, zovala, zofunda ndi kuthithikana. Mu 2009 khoti linagamula kuti kusowa ndalama si chifukwa chomanira akaidi zomwe malamulo a ndende amalamula, ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Amene munapititsako chakudya ku Chichiri, ku Maula, ku Zomba kapena ku Mzuzu zaka zotsatira mukudziwa nokha mmene chigamulocho chinayendera.

MANDELA ANADZIWA MPHAMVU YA CHOVALA

Dzina la Mandela silinabwere mwangozi pa nkhani imeneyi. Mkulu uja nkhondo ya malaya anaimenya yekha. Mu Okutobala 1962, pa mlandu wake ku Pretoria, sanavale suti ngakhale anali loya. Analowa m'khoti atafunda chikopa cha nyalugwe monga mwa mwambo wa kwawo, kufuna kuonetsa kuti ndi munthu wakuda amene akuweruzidwa m'khoti la azungu. Atam'tumiza ku Robben Island mu 1964, akaidi akuda amawaveka makabudula ngati ana a sukulu pomwe amwenye ndi makaladi amawapatsa mathalauza. Iye anakana kuchepetsedwa kotero. Atam'patsa thalauza iye yekha, analibweza poti anzake sanawapatse.

Ndiye taonani mmene zinthu zinatembenukira. Mu 1986, ali ku ndende ya Pollsmoor, nthumwi za Commonwealth, kuphatikizapo Olusegun Obasanjo wa ku Nigeria, zinabwera kudzam'ona. Boma lomwe lija linam'veka kabudula linaitana telala kuti am'yeze suti. Linadziwa kuti alendo akam'peza ali m'zovala za ukaidi, manyazi agwira boma. Ndipo pa 11 Febuluwale 1990, atakhala zaka 27 m'ndende, anatuluka pa geti la Victor Verster atavala suti, dziko lonse likuonera. Ngati boma la tsankho linadziwa kuti chovala chimalankhula, ife tikanirenji?

PEMPHANI KWA WOWERUZA, OSANGOTI KWA MSILIKALI

Pali nkhani ina ya ku America yomwe ili ndi phunziro lotikhudza. Munthu wina dzina lake Harry Lee Williams anali pa limandi ku Texas poti analephera kulipira belo, ngati mwana wa mayi a tomato uja. M'mawa wa tsiku la mlandu anapempha woyang'anira ndende kuti am'patse zovala zake, koma anam'kaniza. Anaweruzidwa atavala za ndende pamaso pa gulu la anthu wamba amene kumeneko amagamula milandu yotere, ndipo anam'peza wolakwa. Nkhani inafika ku khoti lalikulu kwambiri la dzikolo, lomwe mu 1976 linanena kuti boma silingakakamize munthu kuweruzidwa atavala zovala za ndende, chifukwa zovalazo zimakumbutsa omuweruza mphindi iliyonse kuti uyu ndi mkaidi. Linaonanso kuti mchitidwewu umagwera osauka okha, amene alephera belo.

Koma Williams anagonjabe. Chifukwa chake? Iye ndi loya wake sanadandaule kwa woweruza mlandu usanayambe. Anadandaulira woyang'anira ndende basi. Khoti linati popeza sanatsegule pakamwa m'khoti, sitinganene kuti anakakamizidwa.

Malamulo a ku America si a kuno, koma nzeru yake ndi yomweyo. Ine ndi mayi aja tinalimbana ndi msilikali amene alibe mphamvu yosintha kanthu. M'khoti mwini bwalo ndi majisitireti. Woimbidwa mlandu, kapena loya wake, atha kuimirira mwaulemu n'kunena kuti, "Bwana, achibale andibweretsera zovala, ndikupempha ndisinthe." Akhoza kukana, koma zalembedwa. Mwana wosalira amafera pa msana.

MSILIKALI UJA SANALAKWE

Tsiku lija ndinam'kwiyira msilikali uja, koma nditagona ndinaona kuti amanena zoona. Yunifolomu ya akaidi, foya ija, ntchito yake ina ndi yoti wothawa aonekere patali. Munthu wovala shati ndi thalauza akalowa m'chigulu cha pa khoti, wasowa. Ndipo tisanamizane, m'misoko ya zovala ndimo mumadutsa chamba, malezala, mapilisi ndi ma simu kadi. Ena mwa ife tinasokererapo ndalama m'kolala poganiza kuti tikuthandiza m'bale wathu, osadziwa kuti tikum'onjezera mlandu. Mkaidi akathawa kapena akadzivulaza, amene amachotsedwa ntchito ndi msilikali yemweyo, wa ana asanu ndi nyumba ya lendi.

Vuto lenileni ndi loti ntchito ya malaya a tsiku la mlandu ilibe mwini. Apolisi amati ife tinangom'gwira. Andende amati ife timangosunga. Akhoti amati ife timangoweruza. Ndiye imatsalira mayi wa tomato amene palibe anam'uzapo njira yake. N'chifukwa chake ndalemba zomwe tinaphunzira ife mochedwa, kuti inu musadzakhumudwe pa chitsa chomwecho.

MMENE MUNGACHITIRE

Choyamba, dziwani tsiku. Lifunseni kwa kalaliki wa khoti, kwa loya wa Legal Aid Bureau ngati alipo, kapena kwa alangizi a zamalamulo a PASI, amene akhala akuyendera ndende zathu kuyambira mu 2000. Malaya apite ku ndende masiku awiri kapena atatu tsikulo lisanafike. Pa tsiku lomwe mwapititsa chakudya funsiranitu pa geti kuti zovala amalandira liti ndipo zololedwa ndi ziti. Osadikira m'mawa wa mlandu.

Chachiwiri, lembani. Tengani mapepala awiri, mulembe chimodzi-chimodzi: shati yabuluu imodzi, thalauza lakuda limodzi, zamkati ziwiri, sopo mmodzi. Pemphani wolandirayo alembe m'buku lawo, ndipo dzina lake ndi tsiku muzisunge. Inu amene simungongoza ngakhale mulu wa tomato osalemba m'kope, musasiye zovala pa geti ndi mawu apakamwa. M'kati mwa kolala ndi m'chiuno mwa thalauza lembani dzina la mwini wake ndi bolopeni, kapena mulisokere ndi ulusi.

Chachitatu, kumbukirani kuti munthu wanu waonda. Nsima ya kamodzi pa tsiku miyezi itatu si masewera. Saizi yomwe mumaidziwa ija yam'kulira, ndipo lamba ndi zingwe za nsapato kawiri-kawiri amalanda poopa ngozi. Pitani kwa telala wa pa khonde abweze m'chiuno kapena aikemo lasitiki. Palibe chochititsa manyazi ngati munthu kuyankha mafunso dzanja limodzi litagwira thalauza. Nsapato zikhale zongolowetsa phazi.

Chachinayi, sankhani zofatsa. Zoyera zokha-zokha zisiyeni poti zikufanana ndi foya. Zakhaki ndi zamawanga a asilikali zisayandikire n'komwe. Nsalu ndi matisheti a chipani, kaya ndi chanu chokondedwa chotani, si za ku khoti. Ma jezi a mpira ayi. Ndipo tisheti iliyonse yolembedwa chizungu muyambe mwam'patsa mwana wa sukulu akuwerengereni, poti zina za pa kaunjikazi zimatukwana, zina zimatamanda mowa ndi mfuti. Shati ya kolala yopanda zolemba ndi thalauza lakuda kapena lotuwa, zakwana.

Chachisanu, musagule zodula. M'chipinda chogona anthu mothithikana, shati yokongola ndi ndalama. Imabedwa, kapena mwini wake amaisinthanitsa ndi chakudya kapena malo ogona pafupi ndi zenera. Simungam'dzudzule, njala ilibe manyazi. Ndiponso wa mlandu wa foni akatulukira ndi suti ya ukwati, anthu ayamba kufunsa komwe waitenga.

Chachisanu ndi chimodzi, milandu imaimitsidwa. Kamodzi, kawiri, kasanu. Mlandu ukaimitsidwa katengeni zovala zija mukachape, zisakhale m'kati mpaka tsiku lina. Zochokera ku ndende muzizinyika m'madzi owira, kuziyanika padzuwa, n'kusita ndi simbi yotentha, maka-maka m'misoko momwe nsabwe zimaikira mazira. Mukapanda kutero nsabwe ndi mphere mwazitengera kwa ana kunyumba.

Chachisanu ndi chiwiri, zovala zomwe munthu anam'gwira nazo nthawi zina apolisi amazitenga ngati umboni. Zimenezo musalimbane nazo ndipo musazibise. Inu mungom'pititsira zina msanga, asakhale ndi kabudula wamkati yekha.

Kwa amayi ndi atsikana, onjezani zitenje ziwiri, mpango, zamkati zokwanira ndi zofunika za kumwezi. Ngati ali ndi khanda m'ndendemo, nalonso likupita ku khoti kumsana, ndiye lisaiwalidwe. Ndipo ikakhala Juni kapena Julayi, chiperoni chikuwomba, ikanimo juzi. Munthu wonjenjemera ndi mphepo amaoneka ngati akunjenjemera ndi mantha a mlandu.

KU CHIPATALA NDI POTULUKA

Si ku khoti kokha kumene mkaidi amatulukira. Akadwala kwambiri amam'tengera ku chipatala chachikulu. Amene munagonekapo m'bale wanu ku wodi munaonapo munthu wa foya, msilikali ali pambali, anthu onse maso ali pa iye, amayi akukokera ana awo kutali. Wodwala ndi wodwala. Ngati ndi wa pa limandi, m'pititsireni zake za kunyumba ndi chofunda. Ngati ndi wogamulidwa, pemphanibe kwa akuluakulu a ndende, poti lamulo 19 lija silisankha. M'mayiko ena mkaidi amaloledwa kukaika maliro a kholo lake kapena kukagona kwawo masiku angapo pokonzekera kumasulidwa, ndipo savala za ndende popita kumeneko. Ndani angafune kukaima pa manda a mayi ake atavala foya?

Ndiye pali tsiku lotuluka. Pa chikondwerero cha ufulu pa 6 Julayi, ngakhalenso pa Khirisimasi, timamva pa wailesi kuti Pulezidenti wakhululukira akaidi akuti-akuti. Timaomba m'manja. Koma amatuluka atavala chiyani? Munthu analowa zaka zisanu zapitazo. Zovala zake zakhala m'thumba m'chipinda chosungiramo katundu, chinyezi ndi makoswe zikuchita zake. Mwina zawola, mwina zasowa, mwina sizikum'kwananso. Akafika pa depoti atavala zoterozo, kondakitala aliyense wadziwa kale komwe akuchokera. Tikamadabwa kuti bwanji ena amabwererako msanga, tiyambe tafunsa mmene tinawalandirira tsiku loyamba.

Kwa akuluakulu a ndende pempho langa ndi laling'ono, silifuna thandizo la azungu. Buku limodzi pa geti. Thumba limodzi la mkaidi aliyense, lokhala ndi dzina ndi nambala, lopachikidwa m'mwamba osati pansi. Chikwangwani cha Chichewa ndi Chitumbuka chonena masiku olandira zovala ndi zomwe n'zoletsedwa. Ndipo usiku woti mawa ndi mlandu, ndowa ya madzi ndi kachidutswa ka sopo. Zimenezi zikulephereka pati?

BELO ZILIPO ZIWIRI

Tsopano ndibwere kwa inu a kaunjika. M'Chichewa chathu cha mu tauni mawu oti belo ali pawiri. Pali belo ya ku khoti, yomwe osauka imawakanika. Pali belo la kaunjika, lomwe inu mumadula Lachisanu m'mawa. Ndikudziwa kuti geni yavuta. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wa belo unathawa, mpaka kumayambiriro kwa 2025 anzathu a kaunjika ku Lilongwe anachita kuguba kukadandaula ku Nyumba ya Malamulo. Sindikukupemphani zoyamba kusankha zopachika pa hang'ala. Ndikunena zotsalira zija, zomwe zazungulira misika itatu osagulidwa: shati yothothoka batani, thalauza lofupika mwendo. Telala akazigwira mphindi khumi ndi zovala za ku khoti.

Msika uliwonse uli ndi komiti. Tili ndi thumba la maliro, tili ndi chipereganyu, tili ndi banki m'khonde. Tilephera bwanji kukhala ndi katundu mmodzi wa malaya a ku khoti? Mashati asanu a masaizi osiyana, mathalauza asanu, masiketi ndi mabulauzi atatu, zitenje, juzi. Azisunga mlembi wa komiti m'sutikesi yokhoma, ndi kope lake. Wa mumsika akagwidwa, kapena mwana wake, achibale asaine, atenge, akatha achape, asite, abweze. Wotaya alipire. Ndipo zikachuluka tikapereke kudzera kwa a mipingo ndi a mizikiti amene amayendera ndende, poti m'katimo muli anthu ochokera ku Nsanje, ku Chitipa, ngakhale kunja kwa dziko lino, amene chimangidwireni sanaonepo nkhope ya m'bale.

Wina ati, "Ndiye tiziveka mbava zomwe zimatibera?" Funso labwino, poti tonse tinaberedwapo ndipo zimawawa. Koma shati siimasula munthu. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo umboni ukakhalapo wakuba apita ku ndende ngakhale atavala taye. Chomwe shati imachita n'kuti wolakwa ndi wosalakwa, wolemera ndi wosauka, ayambire pa mzere umodzi. Zoti nsalu yobwereka sithetsa usiwa tikudziwa. Ife tikungofuna ya tsiku limodzi.

Mwina mukufuna kudziwa mmene inathera ya mwana wa mayi a tomato. Ulendo wachiwiri tinapititsa jumbo ija ku geti Lolemba, mlandu uli Lachinayi. Anafufuza msoko uliwonse, analemba, mayi anadinda chala. Lachinayi mnyamata anatsika m'galimoto ndi shati yabuluu, thalauza atam'bweza telala, tsitsi atam'meta anzake. Mayi ake sanam'zindikire msanga. Anayankha mafunso akuyang'ana kutsogolo. Wodandaula sanabwerenso, ulendo wachitatunso osabwera, ndipo khoti linam'masula. Sindikunena kuti inam'tulutsa ndi shati. Anam'tulutsa ndi kusowa kwa umboni, komwe kunalipo kuyambira tsiku loyamba. Koma miyezi isanu ya moyo wake inapita, ndipo mwa masiku onsewo, amene amawakumbuka ndi ululu ndi lija anthu anam'seka mayi ake akuona.

Shati ija ilipo. Mayi anaichapa n'kuisunga pansi pa benchi, m'jumbo momwe muja. Yapitanso ku khoti kawiri, kamodzi ndi mwana wa a makala, kamodzi ndi mlamu wa a usipa. Wina anatuluka, wina anagamulidwa miyezi isanu ndi inayi. Onse anaibweza yochapa.

A tcheyamani a msika, nkhani ndi imeneyo. Pa msonkhano wa mwezi uno ndidzakhala kutsogolo, ndipo thalauza loyamba ndibweretsa ndine. Tionane sabata yamawa, Mulungu akalola.